Gasi wanga azimitsa maboyila a amalume

Aphungu,

Ndatopa, ndipo chonditopetsa ndi ntchito yomwe yandiyendera bwino. Ndine injiniya ku zitsime za mafuta kuno ku Duri. Mafuta athu ndi olimba ngati phula, satuluka pokhapokha titawafewetsa ndi nthunzi pansi pa nthaka. Koma nthunzi ikazizira imasanduka madzi, ndiye maboyila, ophika nthunziyo, sapuma. Chaka chatha ndinayesa kuisakaniza ndi gasi, mpweya umene susanduka madzi. Umakwera n'kukhala pamwamba ngati chivundikiro, kutentha osathawa. Zatheka, nthunzi yofunika yachepa. Mabwana akondwa, ndipo akuti azimitsa maboyila akumpoto.

Woyang'anira maboyilawo ndi amalume anga, a Darwis, amene anandilera mayi atamwalira. Sakudziwa kanthu. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti amadzadya kwathu, n'kumandiseka: "A injiniya, kampweya kanu kaja kangaphike ndi dzira lomwe? Moto ndi moto, mwana iwe!" Ine ndimangowawonjezera mpunga, nkhope ili pansi.

Nditha kuuza mabwana kuti gasiyo akuchedwetsa mafuta, pakuti akachuluka amaterodi. Kungokokomeza pang'ono, maboyila apulumuka. Nditero? Mutu waima.

R. N., Duri

R. N.,

Musatero. Chitsime sichidziwa kuti muli ndi amalume. Pakapita miyezi chidzanena zoona, inu ntchito n'kutha, maboyila n'kuzimabe.

Auzeni mabwana zenizeni, pamene gasi amathandiza ndi pamene amayamba kutchinga nthunzi. Kenaka muwafunse: nanga anthu a kumaboyila apita kuti? Makina opopera gasi nawonso afuna maso, ndipo munthu amene wakalambira pa mapaipi otentha safuna kuuzidwa kuti apa pawotcha. Tchulani dzina la amalumewo ndi a anzawo onse, koma kunyumba musalonjeze kanthu.

Chachikulu, auzeni a Darwis Lachisanu lomwe lino, musanapakule chakudya. Adzakalipa, mwina adzanyamuka osadya. Alekeni, ndipo musayambe kuwafotokozera masamu anu, si tsiku lake. Ndikudziwa mwatopa, koma mkwiyo wotero umaphwa. Chibale n'fupa, sichiola.

Chenjerani ndi kuchedwa. Akakamvera kwa anzawo ku ntchito, za gasi sadzaziganiza n'komwe. Adzakumbukira Lachisanu lililonse limene munawawonjezera mpunga mukudziwa.