Mmene Achemwali Anapukusira Mutu

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko ku Lovech? Nanga msana uja unasiya kuwawa? Kuno ku Terni, kudziko la eni, tilipo. Amayi akadali pa ntchito yosamalira gogo wa kuno yemwe uja. Ine kusukulu ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo palibe amene amandivutitsa kapena kundilankhula.

Nkhani ndi ya achemwali Radostina. Kunyumba yothandizira odwala maganizo kuja, kumene akhala chaka chonsechi, akuti awatulutsa mwezi wamawa. Akuti apeza bwino.

Loweruka ine ndi amayi tinapitako ndi banitsa, chitumbuwa chakwathu chija. Atandiona anati ndatalika ngati mtengo wa magetsi koma nzeru zinatsalira pansi. Ndinawabwezera kuti iwo anenepa ndi pasta waulere. Tinaseka. Koma anavala malaya a manja aatali, kunja kukutentha.

Kenako tinalowa kwa dokotala, mayi Loredana, munthu wabwino ndithu. Anati munthu akamalowa amamufunsa mafunso, akamatuluka amamufunsanso omwewo, ndiye amayerekeza kuti aone ngati chithandizo chagwira ntchito. Mayankho a achemwali akuti asintha kwambiri: akugona, akuphika ndi anzawo, sakuswanso mbale akakwiya. Funso lomaliza anafunsa ife tikumva, ngati amaganizabe zodzipha.

Achemwali anangopukusa mutu pang'onopang'ono, uku ndi uku, maso ali pa ine. Dokotala anamwetulira nalemba kuti ayi.

Bambo, mukudziwa kuti kwathu kupukusa choncho ndi kuvomera. Kuno ndi kukana.

Titatuluka ndinawafunsa ngati mutu uja unali wa kwathu kapena wa kuno. Anandikoka khutu n'kunena kuti, "Iwe kadzidzi, usiye kuyang'anitsitsa anthu. Ine sindinaname. Zimene alembazo ndi zawo."

Ndinawauza amayi m'basi. Anati nditseke pakamwa, mwana wawo akubwera kunyumba basi. Lolemba ndinaimbira dokotala. Anandimvetsera, ndipo anakawafunsanso. Ulendo uno achemwali anayankha ndi mawu kuti ayi, ndiponso kuti mlongo wawo ndi wamantha chibadwire. Dokotala anandiuza mwaulemu kuti sangasunge munthu chifukwa cha kupukusa mutu, pomwe ena akudikira malowo.

Amayi amagonera kuntchito sabata yonse. Ndiye kuti m'nyumba tizikhala awiri, ndipo m'mawa ine ndimakhala kusukulu. Mipeni ndi mankhwala ndabisa kale. Koma nyumba yathu ndi yosanja, khonde lathu lili pamwamba kwambiri, ndipo khonde silibisika.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Ndikudziwa kuti inu ndi amayi simulankhulana, koma mukhoza kugona pabedi langa, ine ndigona pansi. Njuchi zanuzo asamaleko bambo aang'ono. Sindikuti mudzawachiritse. Ndikungofuna munthu woti azikhala m'nyumba belu la kusukulu likamalira.

Dzulo amayi atabwera kudzapuma ndinawafunsa ngati akukhulupiriradi kuti achemwali apeza bwino. Anali akusita. Anapukusa mutu osandiyang'ana, ndipo sindinalimbe mtima kufunsa ngati unali wa kwathu kapena wa kuno.

Mundiperekere moni kwa agogo, kwa bambo aang'ono Velichko ndi mayi aang'ono, ndiponso kwa azakhali Tsveta. Agogo musawauze zimenezi.

Mukandiyankha, muyankhe ndi mawu.

Ndine mwana wanu,
Yasen