Gemu Ndaikonza, Apongozi Ndawaiwala

Bambo a Kudzanai,

Mukafika musandifunefune, ndathamangira ku renki ya makombi, kokwerera maminibasi. Amayi anu afika kuchokera ku Chegutu cha m'ma teni, ine mafoni awo asanu ndi awiri ndawaona wani koloko itadutsa. Pepani, koma mlanduwu ndi wanu.

Gemu yanu yakale yowomberana ija, imene yakuzunzani milungu itatu, ndaikonza. Ine ndimangofuna kupukuta fumbi pa laputopu. Vuto linali lakuti makina atsopanowa amathamanga kwambiri, n'chifukwa chake msilikali wanu amangouluka n'kukagwera m'dzenje. Ndaiuza kompyuta kuti idziyese yamakedzana, liwiro la zithunzi ndalitsitsa kufika pa 60, ndipo sikirini ndaipanikiza kuti adani asamaoneke onenepa ngati anzanu a m'bawa ya ku Rimuka. Mizere yakuda ili m'mbaliyo muisiye, si matenda.

Ndinati ndingoyesa kwa mphindi zisanu. Zinazo mwazimva kale.

Tsono gwirani ntchito. Nkhuku ili mu sinki, ndaitulutsa mufiriji posachedwa, ikadali gwa! Ikani pamoto momwemo, sesani pabalaza, muchotsenso mabokosi anu a mawaya pa bedi la alendo. Amayi akafunsa chimene ndachedwera, inu muzingoyang'ana pansi mwaulemu, ndiyankha ndekha.

Gemu musaikhudze, ndikufuna kupitiriza. Chitseko chofiira cha m'gemumo chija chakukanikani kuyambira muli fomu firii, ndachitsegula. Kiyi anali kuseri kwa mgolo. Zaka makumi awiri, bambo, kuseri kwa mgolo!

Wanu,
Aida