Ndakaniza apongozi kunyamula mdzukulu wawo

Agogo,

Ndine mlimi wa kachewere kuno ku Bembeke, ndipo ndili pachikamwini. Mwana wathu Pilira, wa zaka zisanu ndi chimodzi, akulandira mankhwala a khansa ku Lilongwe. Potitulutsa, anesi anatichenjeza kuti mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti chimfine wamba chikhoza kumubwezera pabedi la kuchipatala.

Titafika kumudzi ndinaika ndowa ndi sopo pakhomo, wodzazonda aliyense ayambe wasamba m'manja. Lamulungu lapitali kunabwera akwaya, anthu makumi awiri, atatu mwa iwo akumina. Ndinawapempha kuti aimbire m'munda wa kabichi, mwana azimvera pazenera. Anaimba ndithu, koma pano mudzi wonse ukunditcha a Ndowa.

Zafika poipa ndi apongozi anga aamuna, a Alufeo. Kukangozizira, chifuwa chawo chimamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Anabwera atatambasula kale manja kuti anyamule mdzukulu, ine n'kuima pakhomo. Anati, "Chifuwachi ndinayamba nacho inu musanabadwe, chinaphapo ndani?" Nditawalozera sopo anafunsanso kuti, "Kodi pobwera kudzakwatira kuno, malowa munachita kusenza?"

Mkazi wanga amagwirizana nane tikakhala awiri, koma bambo ake akangotulukira amapezeka ali kuseri akusankha nyemba. Ankhoswe aitanidwa Loweruka. Ndipepese, kapena ndiyambe kumanga katundu?

L.K., Bembeke

Zikomo a L.K.,

Katundu musamange, ndowa musachotse. Dzina la a Ndowa silipha munthu, koma matenda olowa m'thupi lopanda chitetezo amapha, ndipo sachedwa.

Loweruka mukapepese chifukwa cha kaimidwe kanu pakhomo, pakuti ndikukuonani mutatchinga khomo ngati wapolisi wa pamsewu. Za lamulolo musapepese. Mayi a Pilira atuluke m'nyembamo. Awo ndi bambo awo, ndipo mawu a mwana wawo adzalowa pomwe a mkamwini akanika.

Kumbukirani kuti a Alufeo nawonso ali ndi mantha, kungoti akuluakulu mantha awo amatulukira m'ukali. Apatseni udindo. Auzeni kuti alendo samvera mkamwini, pakufunika munthu wolemekezeka woti aziwabweza. Mudzaona, ngakhale akatekisiti adzasamba mpaka m'zigongono. Koma ayambe akapimitsa chifuwacho. Chifuwa chokhalitsa si cholowa cha pamtundu, mwina ndi chachikulu chija cha TB, ndipo chili ndi mankhwala. Podikira, azicheza ndi mdzukulu panja, motalikirana.

Aliyense wa chimfine, wotsekula m'mimba, kapena wochokera kunyumba komwe kuli chikuku kapena katsabola, apereke moni ali kutali. Pilira azimwa madzi owiritsa, azidya zophikidwa kumene, azigona m'neti. Nkhuku zisamuke m'nyumba, ngakhale zitadandaula.

Tsono apa nthabwala pambali. Mwana akangotentha thupi, kunjenjemera kapena kufooka modabwitsa, musati tione mawa, musamupatse panado n'kukhala pansi. Nyamulani buku lake la kuchipatala, thamangani naye nthawi yomweyo, ndipo mukafika nenani msanga kuti ali pa mankhwala a khansa. Wa njinga yamoto mugwirizane naye lero, mwana adakali bwino.

Agogo