Atate Amaseka ndi Mlendo, Ine Amandifulatira

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika wa pa Boma. Mu Epulo madokotala a ku Lusaka anabweza atate anga, a Luis. Anati khansa yafalikira, chatsala n'kuwasamalira ndi kuchepetsa ululu. Sindinafune kuti abwerere okha kumudzi ku Kavalamanja, ndiye ndinawatengera kwanga. Kuwasambitsa ndine, kuwatembenuza ndine, kuchapa zofunda ndine. Alongo anga awiri ali ku Kitwe, amangoimba foni.

Gulu la kutchalitchi loyendera odwala linatitumizira bambo wina wachikulire, a Adriano, amene kale ankaolotsa anthu pabwato kupita ku Zumbo. Ankabwera panjinga Lachiwiri ndi Lachisanu. Palibe chachikulu ankachita. Ankangokoka mpando, kuika nsolo pabedi, n'kumacheza m'Chikunda za mvuu ndi za asodzi anzawo akale. Koma atate, amene ine ndikalowa amatembenukira kukhoma, ankaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lina ndikuyanika zovala pafupi ndi windo ndinamva atate akuti, "Adriano, ine ndikuopa. Koma mwanayu usamuuze." Zinandibaya mumtima. Ine manja anachita kung'aluka ndi sopo, koma zakukhosi akuuza mlendo wa maola awiri? Powaperekeza a Adriano ndinati, "Atate mukuwatopetsa, muyambe mwaleka kubwera." Anavula chisoti n'kunena kuti, "Chabwino amayi. Mukandifuna, nyumba yanga ili kuseri kwa chigayo."

Papita milungu iwiri. Likafika tsiku limene a Adriano ankabwera, atate amapempha malaya awo abwino m'mamawa, maso n'kukhala pakhomo. Ndinawanamiza kuti njinga ya a Adriano yafa. Dzulo anangoti, "Akanabwera wapansi." Phala akungolawa masipuni awiri.

Aphungu, ndikuchita manyazi kubwerera kwa munthu amene ndinamuthamangitsa, komanso nsanje sinathe. Kodi atate sandikonda? Ndichite chiyani?

P.N., Luangwa Boma

Mayi P.N.,

Mawa, musanayale nsomba zanu, pitani kuseri kwa chigayo. Bambo aja anakuuzani dala kumene amakhala. Munthu wokwiya sachita zimenezo. Musakonzekere mawu ambiri. Nenani kuti munatopa, munalakwa, ndipo atate akuwafuna.

Pobwera uzani atate zoona za njinga ija. Bodzalo alitulukira kale. Choopsa n'chakuti angaganize kuti mnzawo wawathawa chifukwa cha matenda, ndipo zimenezo zingawapweteke kuposa kumva kuti mwana wawo anachita nsanje.

Tibwere ku funso lanu. Atate amakukondani. Taganizani, munthu amene ankakunyamulani pamapewa, lero mwana wake wamkazi ndi amene akumuvula ndi kumupukuta. Kukhoma akutembenukira chifukwa cha manyazi. Mukalowa inu amakumbukira kuti ndi wodwala. Akalowa a Adriano amakhalanso msodzi, munthu wodziwa mtsinje, woti angathe kupambana nsolo. Ntchito ya anthu odzipereka ngati amenewa ndi imeneyo, ndipo wachibale sangaikwanitse ngakhale atakonda bwanji, chifukwa wodwala amaopa kumuliritsa. Mawu munamva pawindo aja muwamvenso bwino. Bambo wanu alibenso mphamvu zokutetezani ku chilichonse, ndiye akuyesa kukutetezani ku mantha awo.

Nsanje yanu sikundidabwitsa. Mwasenza nokha miyezi yonseyi popanda wokufunsani kuti mwadzuka bwanji. Choncho a Adriano akabwera, inu musathamangire kuchapa. Kagoneni, kapena pitani kwa mnzanu mukamwe tiyi. Funsani gululo ngati pali mwamuna amene angamasambitse atate masiku ena. Alongo anu musawauze kuti "mubwere mukapeza mpata", apatseni tsiku. Za kuchepa kwa kudya kauzeni anesi ku kiliniki, aonenso ngati mankhwala a ululu akukwanira.

Chinanso, kamodzi pa tsiku muzilowa kuchipinda chimanjamanja, opanda beseni, opanda mapiritsi. Khalani pambali pawo. Afunseni chinthu chimene akuchidziwa kuposa inu, kaya mmene anakumanirana ndi amayi anu. Akapanda kuyankha, khalanibe pomwepo kanthawi. Tsiku lina adzatembenuka.

Chenjezo langa ndi ili: musadzafunse a Adriano zimene atate amawauza, ndipo pawindo musamvetserenso. Munthu amene ali kumapeto amafunika malo amodzi otulirako mantha ake osaopa kuti wina alira. Komanso musadikire kuti manyazi athe kaye. Inu mungathe kudikira mwezi wina. Atate anu, sindikudziwa.

Aphungu