Matabwa Khumi ndi Awiri a Mkungudza

6 Ogasiti 1956

Pa 9 Malichi 1931, Lolemba, a Spencer, mkulu wa mpingo wathu, anandinamizira kuti ndinaba matabwa khumi ndi awiri a mkungudza amene ndinapala ndekha, omangira tchalitchi. Akulu anandiletsa Mgonero kufikira nditalapa. Sindinabe, choncho sindinalape. Zaka 25.

Lero wabwera mwana wanga Eneles, wokwatiwa ku Chinakanaka. Akuti: "Bambo, kunsi kwa benchi ya m'tchalitchi mwathu kuli mizere itatu, ngati ija mumasema pa mipando yanu." Chizindikiro changa. Njinga ndapopa.

9 Ogasiti

Katchalitchi kakale kuseri kwa Chinakanaka. Njerwa zosawotcha, denga la udzu, belu lake chitsulo cha njanji chopachika mumtengo wa mango. Ndinakwawa kunsi kwa mabenchi ndi jekete yanga yabwino. Amayi osesa anaseka mpaka kutaya matsache: "Agogo, Mulungu ali kumwamba, osati kumeneko!" Matabwa anayi. Fungo lake likadalimo. Anthu akuti inali mphatso ya a Spencer, ndipo ena anawapereka ku matchalitchi ena awiri. Amayi aja ndinaseka nawo, ndipo ndadabwa nazo.

15 Ogasiti

Tchalitchi cha pakati pa minda ya tiyi. Atatu, m'chitseko. Chiswe chadya mphuthu, koma anga sichinawakhudze. Akhristu a kumeneko anandiphera nkhuku.

22 Ogasiti

Pafupi ndi Muloza. Nyimbo za Chilomwe, monga ankaimbira mayi anga. Anayi, pa gome la Mgonero penipenipo! Anthu akhala akudyera pa matabwa anga, ine ndili panja. Ndinafuna kukwiya, koma ntchitoyo njosalala. Onse pamodzi khumi ndi limodzi. Bondo likupweteka.

31 Ogasiti

A Spencer anamwalira chaka chatha. Ndinapita kwa mkazi wawo, mayi Rute, nditakonza mawu aukali njira yonse. Sindinawanene. Anandilowetsa m'nyumba, nandionetsa thabwa lomaliza: alumali yoikapo makapu. Anati: "Ankafuna dzina labwino, abambo aja. Manyazi anandimanga pakamwa." Analisenza pamutu okha mpaka kwa akulu a mpingo, ine pambuyo ndikukankha njinga.

Dzina langa aliwerenga Lamulungu likudzali, pamaso pa onse, kuti ndilibe mlandu. Eneles akusita jekete.

Mgonero umachitika kanayi pa chaka. Zaka 25, ndiye ndaphonya zana limodzi. Lamulungu ndilandira woyamba. Yotsala: 99.