Dzenje la Amacheka

Lachitatu, 14 Januwale

Okondedwa achemwali,

Amuna anuwo, alamu anga Amacheka, ndiwo anapha kasupe wa kuseri kwa nyumba ya bambo athu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamawawerengera kalatayi asayambe kuwodzera.

Mukukumbukira chaka chimene anabwera ndi sowo wawo wamkulu uja. Dzenje lochekerapo matabwa anakumba pa kasupe penipeni, ati dothi lake ndi lofewa, silithyola msana. Ndinawapempha kuti alisunthire kumtunda chifukwa cha timachule tija, iwo anaseka nkunena kuti, "Alamu, kodi mwafunsira mbeta kwa achule?" Utuchi unadzaza m'madzi, mbululu zinayandama chagada, mthunzi unatha, ndipo nkhalango inakhala chete mpaka ine kumera imvi.

Inu munkatiopa, koma timachule timeneti sitiposa chikhadabo cha chala chachikulu. Kakafuna kuikira mazira kamasankha tsamba lolendewera pamwamba pa madzi, nkulipinda ndi miyendo yakumbuyo, nkulimata, mazira ali m'kati. Mbululu zikaswa zimangogwera m'madzi pansi pake. Popanda tsamba pamwamba ndi madzi pansi, mtundu watha. Sukulu sindinapite nayo patali, izi ndinaziona ndi maso angawa.

Tsono imvani nkhani. Mitengo imene ndakhala ndikubzala, anthu akunditcha wamisala, yakumana nthambi. Dzenje la alamu lija ladzaza madzi oyera, ndipo sabata yatha ndinapeza masamba opindidwa m'mphepete mwake. Ndinagwada m'matope ngati mwana. Madzulo ano timachule tija tikulira moti wailesi ndazimitsa. Zandiwawa pang'ono kuti tasankha dzenje la munthu yemwe uja, koma achule sasunga mangawa, amene ndimasunga ndine.

Mwana wanu wamkulu anadutsa kuno ndi tepi yoyezera. Akuti bambo ake akufuna mtengo waukulu umene unatsala, wa mbali yanu ya malo, kuti apangire zitseko za nyumba yatsopano. Ndinamupatsa mpando ndi madzi akumwa, sindinamukalipire. Koma mtengo umenewo ndiwo ukutchinga dzuwa padzenjepo. Ukagwa, madzi aphwa mbululu zisanamere miyendo.

Za chifuwa changa musamve za anthu. Ndikuyenda, kungoti ndimapumira kawiri popita kukasupe. Chipinda chanu ndimasesabe, ndipo denga lake silidontha.

Moni kwa ana ndi zidzukulu zonse. Alamu muwapatsenso moni, muwauze kuti ndatero ndine, mwina sakhulupirira. Sindikufuna kuti apepese, tonse mano anatha. Chimene ndikufuna ndisanatseke maso ndi chimodzi: abwere nanu mvula isanathe, sowo amusiye kunyumba, aime pa dzenje lawo, andiuze ndi pakamwa pawo kuti mtengowo sadzaudula.

Ndine mlongo wanu,
wa kunkhalango