Tinawavotetsa m'Katoni

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Kuno ku Dubai kutentha kwayamba kugonja, moti m'mawa munthu ukhoza kutsegula zenera osapsa nkhope. Ndachedwa kukulemberani, ndikudziwa. Si ulesi ayi. Pali nkhani imene yandikhala pakhosi, ndipo ndimati ndikatenga cholembera, manyazi amayamba ndiwo kundigwira dzanja.

Ndiyambe ndi za kumudzi kuti mtima wanu ukhale pansi. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, anam'patsa dzina lanu, ndipo akuti akalira amamveka mpaka kuchigayo, ndiye dzinalo silinasochere. Soya chaka chino anachita bwino, kungoti mavenda anam'gula ngati wotola. Denga la khitchini lija munkalidandaula linagwa ndi mvula yoyamba. Yohane akuti alikonza mawa, ndipo mawa la Yohane mukulidziwa nokha. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa, koma khalidwe ndi lomwe lija. Inakalowanso m'dimba la a Nabanda, moti mpaka pano akakumana ndi Yohane panjira amayang'ana kumbali.

Ine ndinasintha ntchito. Banja lija ndinkalilerera ana ku Al Barsha nthawi imene munatisiya linabwerera kwawo. Pano ndili ku Festival City, m'nyumba yosanja yoyang'ana kumadzi, ndipo ndikusamalira mayi wachikulire wa ku Amereka, agogo Rute. Mwana wawo, a Daniel, amayendetsa ndege. Anakawatenga kwawo ataona kuti mutu wayamba kutaya zinthu: kusiya mphika pamoto, kusochera panjira ya kunyumba kwawo komwe. Si ovuta ayi. Akaiwala dzina langa amandiitana kuti mwana wanga, ndipo amaliiwala kawirikawiri.

Zambiri zinawathawa, koma nkhani imodzi inakanirira. Ankandiuza ndikamawapesa, ndikamawadula zikhadabo, nthawi zina kuibwereza tiyi asanazizire. Kwawoko dziko linagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimasankha bwanamkubwa wake, amene amati gavanala, pamodzi ndi wachiwiri wake, msungichuma, mlembi ndi woyang'anira masukulu, onse tsiku limodzi. Zaka zoposa zana zapitazo, nthawi imene kwathu bwanamkubwa ankangotsika m'sitima popanda wofunsa maganizo a agogo anu, agogo aamuna a mayi Rute anaimira nawo pa chisankho chotere. Ankafuna mpando wa masukulu. Koma mphunzitsi m'nyumbamo sanali iwo, anali akazi awo. Mayiwo ndi amene ankawalembera zokalankhula pamisonkhano, ndi amene anasoka nsalu yonyamula dzina lawo, ndipo anayenda nawo pangolo ya akavalo m'midzi ya alimi a tirigu mpaka misana kuuma.

Tsiku la chisankho litafika, Lachiwiri, kuli mphepo yobaya m'mafupa, anafika onse awiri pasitolo imene anthu ankavotera. Pakhomo bambo wina anavula chipewa mwaulemu n'kunena kuti, "Mayi, inu mudikire panja." Masiku amenewo akazi sankavota m'chigawo chimenecho. Anaima panja atagwira zingwe za akavalo, akuona zidakwa zikulowa, akuona anyamata amene iwo omwe anawaphunzitsa kulemba mayina awo akulowa. Amuna awo anagonja, koma akuti chimene chinawapweteka mayiwo mpaka ukalamba si kugonjako, ndi kuima panja kuja. Ndiye anamulumbiritsa mdzukulu wawo kuti malinga ali ndi mpweya asadzaphonye chisankho. Agogo Rute sanaphonyepo, ngakhale chaka chimene anali ndi pathupi pa a Daniel, potopa kale.

Ndikamamva nkhaniyi ndinkaona inu, Amayi. Tsiku la chisankho munkasamba kusanache, kuvala chitenje cha kutchalitchi, n'kukaima pamzere kusukulu ya pulayimale anthu asanachuluke. Pobwera, chala cha inki chili m'mwamba ngati chili ndi bala, osafuna kutsuka nacho mbale. Malemu abambo akafunsa kuti mwachonga pati, munkati, "M'kachipinda muja tinalimo awiri, ine ndi Mulungu. Inu sindinakuonenimo." Ine chibwerereni kuno sindinavotepo, poti ife a kunja sanatiikire bokosi. Chisankho chathachi ndinachionera pafoni, ndili m'khitchini ya eni ake.

Chaka chino chigawo cha agogo Rute chimasankhanso gavanala. Anzathuwa ali ndi mwayi, chifukwa ngakhale uli kunja, ukapempha nthawi ilipo amakutumizira pepala lovotera. Agogo anaona nkhani ya chisankhocho pa wailesi ya kanema, ndipo inawalowa. Ndinawakumbutsa a Daniel zopempha pepalalo ali ndi chikwama pakhomo, anati, "Inshallah, Mulungu akalola, Esnati, ndikabwera." Ndinawakumbutsanso, anati, "Mayi sakudziwa n'komwe amene akuimira." Pomaliza anangopukusa mutu n'kuti, "Khalas, zatha, nthawi yadutsa." Si munthu woipa, Amayi. Ndi munthu wotopa, wogona mumlengalenga, amene akafika panyumba sadziwa ngati kwacha kapena kwada.

Koma agogo sanadziwe kuti nthawi yadutsa. M'mawa uliwonse ankavala jekete lawo labuluu, kupachika ndolo, n'kukhala pampando wa pakhomo chikwama chili pamiyendo. "Lero ndi Lachiwiri?" Kwawoko amavota Lachiwiri basi, ndiye ndikati ayi, ankavula mwakachetechete. Likakhala Lachiwiridi, ntchito inalipo. Tsiku lina ndili kubafa anatsika okha pachikepe, ndipo alonda anakawapeza m'mphepete mwa madzi dzuwa lili paliwombo, akufunsa anthu odutsa komwe kuli povotera. Milomo inali itauma, mapazi atatupa.

Nzeru imene inatsatira inachokera kwa ine, ndisanamizire munthu. Pa ntchito yathuyi timaphunzitsana kuti munthu woiwala sulimbana naye. Mnzanga wina wa ku Zambia, nesi amene timapemphera limodzi, amakonda kunena kuti, "Iwe, osakangana nawo, upase chabe vamene afuna, mtima ukhale pansi." Ndiye ndinauza a Daniel kuti tiwakonzere chisankho chawochawo pabalaza, avote, nkhani ithe. Anapumira m'mwamba ngati ndawatula mtolo wa nkhuni. Iwo anasindikiza pepala la mayina enieni a opikisana. Ine ndinakuta katoni ya madzi akumwa ndi pepala loyera n'kuiboola pamwamba, ndipo pakona ndinapachika nsalu ya pabedi kuti pakhale pobisika. Dalaivala wathu, a Bashir a ku Pakistan, anavomera kukhala woyang'anira chisankho.

Chinatsala chimodzi. Pa tsiku langa la ofu ndinakwera sitima kupita ku Deira, n'kuyenda m'timashopu ta zolembera kufuna inki. Mmwenye wa m'shopu ina anandimvetsa ndisanamalize n'komwe, anati kwawo nawonso amapaka, n'kundisankhira yosachoka msanga. A Bashir atakaona kabotoloko anagwedeza mutu kuvomereza, akuti kwawo amapaka chala chachikulu. Mwaona? Tonse atatu tinkadziwa kuti chisankho chopanda inki ngakhale mwana sangachikhulupirire. A Daniel sindinawafunse. Ndikanafunsiranji chinthu chimene ndinachiona pachala chanu kuyambira ndili kumsana?

Lachiwiri lenileni la chisankho agogo anadzuka okha, n'kundipempha ndiwapake milomo. Ndinawayendetsa pang'ono m'khonde la kunja kuti aone ngati tapita kwina, kenako tinalowa pabalaza. A Bashir, atavala tayi, anati, "Yalla, tiyeni mama, dzina lanu?" Analitchula lonse, la pakati lomwe, osadodoma ngakhale pang'ono. Analowa kuseri kwa nsalu ija n'kutenga nthawi yawo, ndipo ndinkawamva akuwerenga mayina motsitsa mawu, mpando ndi mpando. Atatuluka anapinda pepala lija n'kuliponya m'katoni ndi manja onse awiri. Nkhope imene anali nayo ndinali ndisanaionepo. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikukulemberani modzitama.

Koma ine ndinawagwira dzanja, monyadira ndithu, n'kuviika chala chawo mu inki.

Anachiyang'ana. "Ichi n'chiyani?"

"Kuti musavote kawiri, agogo."

Kenako maso awo anayamba kuyenda: pakatoni, pansalu ya pabedi pawo pomwe, pankhope ya a Bashir, mpaka pa a Daniel amene anaima pakhomo la khitchini. Matendawa amatero, nthawi zina mutu umabwerera wonse kwa kanthawi. Tsiku limenelo unabwerera pa nthawi imene sitinkaufuna.

"Kwathu sitiviika anthu zala," anatero. "Daniel, pepala lija likupita kuti?"

A Daniel anangoyang'ana pansi.

Ndiye agogo anatembenukira kwa ine, poti dzanja lawo linali likadali m'manja mwanga. Sanakweze mawu. "Agogo anga anawasiya panja, koma anawauza zoona pakhomo. Palibe anawapatsa chidole."

Anavula ndolo, kuziika patebulo la a Bashir, n'kulowa kuchipinda kwawo.

Amayi, ndinakalirira kubafa, madzi ndikutsegula kuti asandimve. Munkati mwana ukam'namiza ndi switi mawa waiwala, koma wamkulu ukam'namiza wam'vula pagulu. Ine ndinkayesa mawu amenewo sakhudza munthu amene sakumbuka n'komwe dzina langa. Tsikulo analiiwaladi, pofika madzulo sankadziwa chimene chinachitika. Koma kukhumudwa kunatsala. Mmwenye uja sananame: sopo analephera, mandimu analephera, ndipo kwa masiku ambiri ankayang'ana chalacho n'kundifunsa kuti wawachita zimenezi ndani. Jekete lija sanalivalenso. Nkhani ya agogo awo, imene ndinkatopa nayo mpaka kuyasamula mobisa, anaisiya, ndipo ndinayamba kuisowa.

Choopsa chinali mankhwala. Ndikawapatsa mapiritsi a mtima ankabweza dzanja langa n'kufunsa, "Awa ndi enieni?" Ndikati ndi enieni, ankandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo masiku ena ndinkawapeza pansi pa pilo poyalula. Dokotala anayamba kudandaula ndi kuthamanga kwa magazi awo. A Daniel anayamba kulankhula zowabwezera kwawo, kunyumba yosungirako okalamba, kumene sadziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ankangodutsa pabalaza mofulumira, aliyense wa ife akuthawa maso a mnzake.

Dzulo m'mawa ndikuwapesa, anafunsa okha, koyamba chichitikireni zija: "Lero ndi Lachiwiri?" Linali Lachinayi. Bodza lofewa linali kale palilime, loti likubwera agogo, sabata ya mawa. Ndinaika chipeso pansi, ndinazungulira mpando n'kugwada kutsogolo kwawo, monga munatiphunzitsira polankhula ndi akulu.

"Lachiwiri lija linadutsa, agogo. Simunavote. Pepala lanu silinapemphedwe nthawi ilipo, ndipo ife tinakunamizani ndi katoni. Nzeruyo inali yanga. Ndinakulakwirani."

Analira, Amayi, kulira kwa munthu wamkulu kopanda phokoso. Anatchula agogo awo aja n'kuwapepesa, ngati ali nafe m'chipindamo. Ine ndinali chigwadire, ndilibe choti ndiwabwezere, chifukwa voti imeneyo inapita, ndipo pa msinkhu wawo sindikudziwa ngati chisankho china adzachione. Atapukuta misozi anaona kambale ka mapiritsi patebulo. Anatambasula dzanja, ndinawaikira, ndipo anameza osafunsa kanthu.

Mwina mawa adzaiwala, adzafunsanso, ndipo ndidzayenera kuwaliza kachiwiri ndi pakamwa panga pomwe. Zimenezo zikundiopsa, sindibisa. Koma ndikukulonjezani, Amayi, kuti nthawi iliyonse akadzafunsa ndidzagwada n'kuwauza zoona, kwa masiku onse amene ndidzakhale nawo.

Mupereke moni kwa abambo. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esnati